Galimoto yanga ikuwira pachitunda cha Thabwa: ndiyambire pati?

Mphunzitsi_wa_Ngabu

Moni akuluakulu nonse a pagulu pano. Ndabwera ndi dandaulo la galimoto yanga, Toyota Corolla ya 2003, ya injini ya 1NZ ndiponso ya otomatiki, imene ndinagula kwa munthu wina ku Limbe zaka zinayi zapitazo itayenda kale mtunda wautali. Kuno kuchigwa, kaya ndikupita ku Nchalo kaya ndikutsikira ku Bangula, imayenda bwinobwino ndipo singano ya geji imakhala pamalo pake, pansi pang'ono pa pakati. Vuto limayamba ndikangooloka mlatho wa Kamuzu n'kuyamba kukwera chitunda cha pa Thabwa kulowera ku Blantyre. Loweruka lapitali ndinanyamula anthu anayi ndi matumba awiri a mapira, dzuwa lili paliwombo, ndipo tisanafike n'komwe pa Madziabango singano inali itakhudza pofiira. Nditaima pambali pa msewu ndinamva madzi akubwata m'kabotolo ka pambali pa rediyeta ngati mphika wa nyemba, ndipo ena anali kutayikira pansi. Tinakhala pamenepo ola lathunthu, kenako ndinathira madzi pafupifupi malita awiri.

Ndafunsa amakaniko awiri ndipo andiuza zosiyana. Woyamba akuti tichotse thermostat, kavalavu kamene kamatsegula njira ya madzi injini ikatentha, n'kulumikiza fani kuti izizungulira nthawi zonse. Wachiwiri akuti gasiketi ya pansi pa hedi inapsa kale, choncho titsegule hediyo, mbali ya pamwamba ya injini. Malipiro a mphunzitsi mukuwadziwa, sindingathe kumagula chilichonse chimene munthu watchula. Ndiyambire pati kuti ndidziwe chenicheni chimene chavuta?

Sienta_ya_Dyeratu

Aphunzitsi, mverani makaniko woyambayo. Thermostat anaipangira ku Japan kumene kumazizira mpaka madzi kuuma, osati kuno kumene mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40. Ine yanga ndinachotsa tsiku lomwe ndinagula galimoto, ndipo chitunda chimenecho ndimachikwera kawiri pa tsiku.

Sipanala_Yakale

Aphunzitsi, mwachita bwino kufunsa, pajatu safunsa anadya phula. Ine ndagwira ntchito ya umakaniko wa mathirakitala ndi magalimoto kuno kuchigwa mpaka kupuma, ndipo chimene ndaona n'chakuti anthu ambiri amafunsa kuti chawonongeka n'chiyani asanafunse kuti galimotoyo imatentha nthawi yanji. Nthawi imene imatenthayo ndiyo imaloza kumene kuli matenda. Ikamatentha itaima kapena ikuyenda pang'onopang'ono, koma n'kuzizira mukathamanga, timakayikira fani, chifukwa pa liwiro mphepo imadzilowera yokha kutsogolo. Ikamatentha pokhapokha injini ikakhala pantchito yolemera, monga pachitunda kapena pa liwiro lalikulu, ndiye kuti rediyeta ikulephera kutaya kutentha konse kumene injini ikupanga, mwina chifukwa yatsekeka mkati kapena kunja, kapenanso pampu siikukankha madzi mokwanira. Ikamatentha paliponse mutangoyenda mphindi khumi, timaganizira thermostat yokanirira kapena madzi operewera.

Ndiye ndiyankheni mafunso awa musanapereke ndalama kwa aliyense. Kodi pa sabata imene simunakwere chitunda madzi amachepa? Mumathira madzi anji? Mukatsegula chivundikiro cha rediyeta m'mawa injini isanalizidwe, madziwo amaoneka bwanji? Kodi galimotoyo inalowapo m'madzi amatope?

Mphunzitsi_wa_Ngabu

Zikomo bambo. Pa sabata imene ndangoyenda kuno kuchigwa madzi amachepa pang'ono chabe, mwina kapu imodzi. Madzi amene ndimathira ndi a pamjigo wa kusukulu kwathu, ndipo coolant, mankhwala othira mu rediyeta, ndinathira kamodzi kokha nditangogula galimotoyo. Lero m'mawa ndatsegula, ndapeza kuti madziwo ndi ofiirira ngati a mu Shire nyengo ya dzinja, ndipo pakhosi pa rediyeta pali zinthu zoyera zouma zokhala ngati laimu. Za matope sindingakane: namondwe wa Freddy atadutsa mu Marichi 2023 ndinaoloka malo angapo pamene madzi ankafika pabampala.

Mayi_a_ku_Tengani

Ndisanamve zambiri ndikufuna kutsindika mawu amene bambo Sipanala anena akuti m'mawa injini isanalizidwe. Mlongo wanga anatsegula chivundikiro cha rediyeta galimoto itangowira, atachikulunga ndi kansalu poganiza kuti n'kokwanira, ndipo madzi anatumphuka n'kumuwaula dzanja ndi mbali ya nkhope. Anagona m'chipatala masabata awiri ndipo zipsera ali nazo mpaka lero. Aphunzitsi, pamene munadikira ola lathunthu pachitunda paja munachita bwino, ngakhale anthu amene munawanyamula ayenera kuti ankanyinyirika. Gwirani kaye paipi yam'mwamba ya rediyeta, ndipo ngati ili yolimba ndi yotentha musakhudze chivundikiro.

WaMagetsi_Nchalo

Ine ndikugwirizana ndi kagawidwe ka bambo Sipanala, koma ndikupempha kuti fani tisaichotse msanga pa mlandu. Chitunda cha Thabwa si malo othamanga. Pamakhala makona otsatizana, ndipo kawirikawiri mumapezeka muli kumbuyo kwa lole ya shuga kapena ya thonje imene ikukwawa, moti injini ikugwira ntchito yaikulu koma mphepo yolowa kutsogolo ndi yochepa. Pamalo otero fani yofooka imaonekera poyera.

Kuyesa kwake sikulira ndalama. Lizani injini galimoto itaima, yatsani AC, ndipo fani iyenera kuyamba kuzungulira nthawi yomweyo. Mukatero zimitsani AC n'kudikira kuti injini itenthe yokha. Fani iyenera kuyaka, kuzungulira kwa kanthawi, kenako n'kuzima. Ikapanda kuyaka onani fyuzi, relay ndi pulagi ya pa mota ya faniyo, chifukwa magalimoto amene analowa m'madzi amatope amachita dzimbiri lobiriwira m'mapulagi. Muonenso mphamvu yake: fani yokalamba imazungulira ndithu koma mwaulesi. Ikani pepala kutsogolo kwa galimoto, pamagirilo, muone ngati likukokedwa n'kumatirira. Ndinalandirapo Probox imene wina analumikiza fani yake molunjika ku batire koma atasemphanitsa mawaya, moti inkakankhira mphepo kutsogolo n'kumalimbana ndi mphepo ya mumsewu. Mwini wake anali atasintha kale rediyeta kawiri.

Sienta_ya_Dyeratu

Zonsezi n'zotalikitsa nkhani. Funso langa ndi limodzi: ngati thermostat ntchito yake n'kutsekereza madzi, n'chifukwa chiyani munthu wa ku Chikwawa azisunga chinthu chotsekereza madzi m'galimoto imene ikuwira kale?

Sipanala_Yakale

Funso lanu ndi labwino achimwene, ndipo ndiliyankha mofatsa chifukwa maganizo amenewa afala m'magalaja ambiri. Thermostat ya magalimoto ambiri a Toyota imayamba kutseguka pa madigiri 82, ndipo nambala imeneyo inadindidwa pathupi pake. Ikafika cha m'ma 95 imakhala itatseguka yonse. Ndiye galimoto ya aphunzitsi pamene ikuwira pachitunda, thermostat yabwinobwino imakhala ili yasaa kalekale, siikutsekereza kanthu. Mukaichotsa simunawonjezere kukula kwa rediyeta ngakhale pang'ono. Chimene mwachita n'chakuti galimoto iziyamba chitunda ili yozizirirapo, n'kuchedwa kuwira ndi mphindi zingapo, ndipo mwini wake aziganiza kuti yachira.

Palinso china chimene ambiri sachidziwa. Pa injini ngati 1NZ, thermostat ili ndi kambale kachiwiri kumbuyo kwake kamene kamatseka njira yachidule ya madzi pamene injini yatentha. Njira imeneyo imabweza madzi m'injini osadutsa mu rediyeta. Mukachotsa thermostat njirayo imakhala yotseguka nthawi zonse, choncho gawo lina la madzi otentha limangozungulira m'injini momwemo osapita kukazizira. Komanso m'mawa wa mu Juni, kapena mukamatsika chitunda chomwecho kuchokera ku Blantyre, injini imazizira kupitirira muyeso, kompyuta yake n'kumawonjezera petulo poganiza kuti sinatenthe, ndipo ndalama zimenezo si zotaya.

Sindikunena kuti thermostat siifa. Imafa ndithu, ndipo ikafa itatseka galimoto imawira paliponse, paipi yapansi ili yozizira. Kuiyesa n'kosavuta: imasuleni, imangeni ndi kawaya, muiviike mumphika wa madzi pambaula osakhudza pansi pa mphikawo. Madzi asanafike pobwata iyenera kukhala itayamba kuyasama, ndipo akamabwata ikhale itatseguka mpata woti nsonga ya chala chaching'ono n'kulowa. Ikakana gulani ina ya nambala yomweyo. Poibwezera, kabowo kakang'ono kokhala ndi kachitsulo kogwedera kaja kayang'ane kumwamba kuti mpweya uzitulukirapo.

Sienta_ya_Dyeratu

Komabe yanga siinawirepo.

WaMagetsi_Nchalo

Siinawire chifukwa rediyeta yanu ikadali yabwino, ndipo ikanayenda chimodzimodzi thermostat ili momwemo. Muonenso kuti magalimoto ang'onoang'ono ambiri, monga Vitz, alibe singano ya geji koma kanyale kabuluu ndi kofiira basi, ndiye mwini wake sadziwa zimene zikuchitika pakati pa ziwirizo. Kabuluu kakamachedwa kuzima m'mawa, petulo akupita.

MayiThonje_Sorgin

Ine za injini sindizidziwa kwenikweni, koma madzi a mijigo ya kuno ndimawadziwa chifukwa ndimaphikira. Mijigo yambiri ya cha ku Ngabu kuno madzi ake ndi amchere, ena mpaka sopo sachita thovu ndipo nyemba zimakana kupsa. Ketulo yanga ikatha miyezi itatu pansi pake pamakhala chikhokho choyera chimene ndimachita kupala ndi mpeni. Pamene aphunzitsi anena za zoyera pakhosi pa rediyeta, ndinangoganiza za ketuloyo. Kodi si zomwezo zimene zikuchitika m'kati mwa galimotoyo?

Sipanala_Yakale

Mayi, mwalasa pamene ine ndimalowera. Ketulo yanu ili ndi kamwa lalikulu moti mumatha kulowetsa dzanja, koma timachubu ta rediyeta ya Corolla ndi topyapyala kwambiri, mpata wake wongokwana msomali wa chala. Nthawi iliyonse imene madzi achepa aphunzitsi n'kuwonjezera a pamjigo, madzi amene anatuluka ngati nthunzi amasiya mchere wake m'katimo, ndipo atsopanowo amabweretsa wina. Pa zaka zinayi, kapu imodzi pa sabata, werengani nokha. Mcherewo suthera pa kutseka machubu pokha. Injini ya 1NZ ndi ya aluminiyamu, buloko ndi hedi yomwe, rediyetanso ndi ya aluminiyamu, ndipo madzi amchere otentha amadya zitsulo zimenezi. Mtundu wofiirira umene mwauonawo ndi dzimbiri lochokera ku mapaipi achitsulo ndi kumapeni a pampu. Ndinamasulapo pampu ya pikapu ina ya ku East Bank imene mapeni ake anali atadyeka n'kutsala ngati mano a nkhalamba. Pule inkazungulira bwinobwino kunja, lamba ali wolimba, koma m'kati simunali chokankhira madzi.

Anthu amaganiza kuti coolant ndi wa mayiko ozizira okha. N'zoona kuti amateteza madzi kuuma, zimene kuno sitizifuna, koma ntchito yake yaikulu kwa ife ndi mankhwala oletsa dzimbiri amene ali m'kati mwake, ndipo amakwezanso pang'ono mlingo umene madzi amawirira. Ngati mwagula wosungunula kale, thirani mmene alili. Ngati ndi wosasungunula, sakanizani theka ndi theka ndi madzi oyera owonjezera mu batire (distilled water, osati asidi), kapena madzi a mvula osefa bwino, osati a mjigo kapena a mumtsinje. Musathire wosasungunula yekhayekha poganiza kuti mukuikonda galimoto, chifukwa madzi ndiwo amanyamula kutentha bwino kuposa mankhwalawo.

Dalaivala_wa_Marka

Akuluakulu, ndikuona kuti makaniko wachiwiri uja mwamunyalanyaza, pamene mwina akunena zoona. Ine ndinali ndi vani imene inayamba ndendende chonchi, kuwira pachitunda pokha. Ndinatsukitsa rediyeta, ndinasintha pampu, ndinasintha thermostat, koma pamapeto pake inapezeka kuti ndi gasiketi imene inali ndi kampata kakang'ono. Pamalo athyathyathya inkapirira, koma pachitunda, phazi lili pansi, utsi wa m'silinda unkalowa m'madzi n'kuwakankhira kunja. Oilo wanga anali woyera bwinobwino, ndiye amene amati gasiketi ikapsa oilo amasanduka ngati tiyi wamkaka asakunamizeni kuti chizindikiro ndi chokhacho. Ndiponso galimoto ya hedi ya aluminiyamu ikafika pofiira ngakhale kamodzi, hediyo ikhoza kupindika. Ya aphunzitsi yafika kangati?

Mphunzitsi_wa_Ngabu

Yafika pofiira kawiri, koma ulendo uliwonse ndinkaima nthawi yomweyo. Mwandiopsa achimwene.

Sipanala_Yakale

Musaope aphunzitsi, koma a Dalaivala akunena zoona, ndipo mlandu wa gasiketi uyenera kuzengedwa. Chimene ndikukana ine n'kutsegula hedi popanda umboni, chifukwa hedi ikatsegulidwa ndalama zapita kale, kaya gasiketi inali yakupsa kaya ayi. Umboni wake upezeni motere. M'mawa injini ili yozizira dzazani rediyeta mpaka pakhosi, siyani chivundikiro pambali, lizani injini n'kumayang'ana m'kati. Timathovu tingapo poyamba si kanthu, ndi mpweya wotsalira. Koma thovu likamatuluka mosalekeza, ngati mmene limachitira munthu akamauzira m'madzi ndi bango, ndipo likamachuluka mukaponda mafuta, nkhani yaipa. Chachiwiri, tsekani chivundikiro injini ili yozizira, ilizeni mphindi imodzi yokha, mugwire paipi yam'mwamba; ikalimba ngati tayala madzi asanatenthe n'komwe, ndiye kuti mphamvu imeneyo yachokera m'silinda. Chachitatu, onani ngati imanjenjemera kwa kanthawi ikangolizidwa m'mawa, ngati utsi wake ndi woyera wosatha ndiponso wonunkhira motsekemera, komanso masulani mapulagi oyatsa petulo (spark plugs) onse anayi muwaike pamodzi: limene likuoneka lotsukidwa kuposa anzake lili pa silinda imene mukulowa madzi. Magalaja ena a ku Blantyre ali ndi kachipangizo kamene amaika pakhosi pa rediyeta, kokhala ndi mankhwala abuluu amene amasanduka achikasu akakumana ndi utsi wa injini. Mtengo wa kuyesa kumeneko ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi kutsegula hedi.

Kabaza_wa_Bangula

Ine amalume anga akakhala ndi rediyeta yodontha ankaswera dzira m'kati kapena kuthira tsabola wopera, n'kufika kumene akupita. Bwanji osayamba ndi zimenezo?

Mayi_a_ku_Tengani

Achimwene, aphunzitsi sananene kuti rediyeta yabooka. Akuluakulu akukayikira kuti yatsekeka, ndiye inu mukufuna aikemo dzira kuti itsekeke bwino?

Dalaivala_wa_Marka

Dzira linandifikitsapo kunyumba usiku wina kuchokera ku Sorgin, ndiye sindingalinyoze kotheratu. Koma zinali pa rediyeta yakale ya mkuwa ya machubu aakulu, ndipo mawa lake ndinakaitsukitsa. Pa timarediyeta ta masiku ano sindingayerekeze, ngakhale mankhwala a m'botolo otsekera podontha aja ndimawaopa pa chifukwa chomwecho.

Injiniya_Wamthirira

Pali kanthu kotchipa kuposa zonse zimene mwatchulazi kamene palibe wakakhudza, ndiko chivundikiro cha rediyeta chenichenicho. Si chotsekera wamba ngati cha botolo. Chili ndi sipuling'i imene imasunga mphamvu m'kati, ndipo nambala imene inalembedwa pamwamba pake, 0.9 kapena 1.1, ndiyo mlingo wa mphamvuyo. Madzi osatsekeredwa amawira pa madigiri 100 kuno kuchigwa, poti tili pafupi ndi mlingo wa nyanja yamchere. Malo otsika kwambiri m'Malawi muno ali ku Nsanje komweku, mamita 37 okha. Ku Blantyre, kumene n'kokwera mamita oposa 1,000, amawira cha pa 97. Koma pansi pa chivundikiro cha 0.9 chimene chili bwino, madzi omwewo sawira mpaka cha pa 118, ndipo pa 1.1 amapitirira 120. Injini imene ikukwera chitunda masana a mu Novembala ikhoza kufika pa 100 popanda vuto lililonse ngati chivundikiro chikugwira. Rabala wake akang'ambika, madzi amayamba kubwata pa mlingo umene injini yabwino imafikapo, amathawira m'kabotolo, amatayika, ndipo otsalawo amatentha msanga kuposa poyamba. Kapu imodzi pa sabata imene aphunzitsi akunena ikhoza kumathawira pamenepo. Chivundikirocho chilinso ndi kavalavu kakang'ono pakati kamene kamalola madzi kubwerera kuchokera m'kabotolo injini ikamazizira. Mukapeza m'mawa paipi yam'mwamba itafwaphira m'kati, kapena kabotolo kali kodzaza koma rediyeta ili yoperewera, kavalavu kameneko kafa.

Musagule cha nambala yaikulu kuposa chimene chinalipo poganiza kuti mwachenjera, chifukwa mathanki apulasitiki a rediyeta yokalamba akhoza kung'ambika.

WaMagetsi_Nchalo

Ndiwonjezere za kayendetsedwe, poti aphunzitsi ati ndi ya otomatiki. Mafuta a giyabokosi amakazizirira mu thanki yapansi ya rediyeta yomweyo, ndiye giyabokosi ikamavutika kutentha kwake kumathera m'madzi omwewo. Pokwera chitunda dinani kabatani ka O/D, giya yapamwamba kwambiri, kuti izime, ndipo pamakona othina ikani pa 2, kuti injini izizungulira momasuka ndipo pampu izikankha madzi ambiri. AC izimitsidwe musanayambe kukwera. Singano ikayamba kusuntha, tsegulani mawindo n'kuyatsa hita mpaka kumapeto. Ndikudziwa kuti kuyatsa hita ku Chikwawa anthu okwera angakuyeseni wamisala, koma hita ndi karediyeta kachiwiri. Ikatulutsa mphepo yozizira pamene singano ili pamwamba, dziwani kuti madzi atha ndipo zimitsani injini pomwepo. Chimodzimodzi singano ikakwera kenako n'kutsika yokha mwadzidzidzi musasangalale, chifukwa nthawi zina ndiye kuti sensa yatsala pouma. Ndipo musathire madzi ozizira m'injini yotentha.

Mphunzitsi_wa_Ngabu

Akuluakulu, ndabweranso patatha masiku asanu. Loweruka ndinaitana mnyamata wina wamakaniko kunyumba, tinakhala pansi pa mtengo wa nimu kuyambira 6 koloko m'mawa n'kumatsata zimene munalemba chimodzichimodzi, ine ndikuwerenga pafoni iye akugwira sipanala. Poyamba ankaoneka wonyansidwa kuti mphunzitsi akumuuza zochita, koma tinamvana.

Thovu losalekeza silinatuluke, paipi sinalimbe msanga, ndipo mapulagi onse anayi anali ofanana. Fani inayaka ndi AC, inayakanso yokha injini itatentha. Thermostat tinaiphika mumphika wa ndiwo, mayi a kunyumba akuyang'ana mokwiya, ndipo inatseguka bwinobwino madzi asanabwate. Chivundikiro rabala wake anali wouma ndi wong'ambika mbali imodzi, monga ananenera a Injiniya. Koma chimene chinatidabwitsa ndi ichi: pepala lija la a WaMagetsi silinamatirire pamagirilo ngakhale fani inkazungulira mwamphamvu. Titamasula mabawuti am'mwamba n'kupendeketsa rediyeta, tinapeza kuti pakati pa iyo ndi condenser, karediyeta ka AC, pali chikhokho cha matope ouma osakanikirana ndi udzu, mapesi ang'onoang'ono ndi phulusa la nzimbe, kuchokera pansi mpaka pafupifupi theka. Kutsogolo kapena kumbuyo sikunkaoneka kalikonse. Tinayesanso kugwira: injini itatentha n'kuzimitsidwa, batire titachotsa kuopa fani, mnyamatayo anayendetsa chikhatho pa rediyeta ndipo mbali zonse ziwiri kunali kotentha koma pakati panali chigawo chachikulu chongofunda.

Sipanala_Yakale

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwapeza matenda atatu ogonerana: mphepo siinkadutsa chifukwa cha matope, madzi sankadutsa pakati chifukwa cha mchere, ndipo chivundikiro chinkalola kuti awire msanga. Chigawo chofundacho ndiwo machubu amene atsekeka. Matope akunjawo tsukani ndi madzi a paipi wamba kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo, osati ndi makina a mphamvu a kotsukira magalimoto, chifukwa amapinda timapeni topyapyala tija. Za m'kati ndikuuzeni mosabisa kuti mankhwala otsukira sangatsegule chubu chimene chatsekeka kotheratu, popeza madzi amadutsa kumene kuli njira kale. Akatswiri a marediyeta amatha kutambasula timano timene timagwira thanki yapulasitiki, kuichotsa, n'kutokosa chubu chilichonse ndi kachitsulo kopyapyala. Zimatheka, koma pa rediyeta ya zaka zoposa 20 pulasitiki amakhala atauma, ndipo nthawi zina mchere womwewo ndiwo umakhala ukutseka timabowo timene dzimbiri linaboola kale.

Dalaivala_wa_Marka

Pamenepo ndikuvomereza kuti gasiketi yapulumuka. Ine ndikanakhala inu ndikanagula rediyeta ina. Mukapita ku Limbe tengani yakaleyo m'manja, muyerekeze kunenepa kwake, chifukwa zina zatsopano zotchipa ndi zopyapyala kuposa imene inabwera ndi galimoto, ndipo muonetsetse kuti ili ndi timapaipi tiwiri ta mafuta a giyabokosi pansi. Ngati ndi yogwiritsidwapo kale ntchito yochokera ku Japan, suzumirani pakhosi ndi tochi muone ngati kukamwa kwa machubu kuli koyera.

Sipanala_Yakale

Ndipo musaike rediyeta yatsopano pa injini yakuda. Mutamasula thermostat, tsukani buloko ndi hita mpaka madzi azituluka oyera, apo ayi dzimbiri lonselo lidzathera m'machubu atsopanowo. Poti madzi anali ofiira chotero, masulaninso pampu muone mapeni ake ndi kabowo kake kapansi ngati pali zouma zosonyeza kudontha. Finyani paipi yapansi. Ikakhala yofewa ngati nthochi yakupsa isintheni, chifukwa pampu ikamakoka mwamphamvu paipi yotero imafwaphira n'kutseka madzi. Pothira coolant imikani galimoto mphuno ili chokwera, hita ili pa kutentha, chivundikiro chili chotsegula, mudikire mpaka fani iyake kawiri kuti mpweya wonse utuluke.

MayiThonje_Sorgin

Madzi akale amene mukhetsewo, ndi coolant wotsala, musawasiye m'beseni pabwalo. Ndinamva kuti amatsekemera koma ndi poizoni, ndipo mbuzi, agalu ngakhale ana akhoza kumwa.

Injiniya_Wamthirira

Mwamva zoona mayi. Amawononga impso, ndipo pang'ono pokha pamakwanira kupha galu. Asungidwe m'chigubu chotseka cholembedwa bwino, osati m'botolo la zakumwa.

Mphunzitsi_wa_Ngabu

Takhuta akuluakulu nonse. Rediyeta ndinagula ina, chivundikiro cha nambala yofanana ndi chakale, paipi yapansi ndi coolant wosungunula kale. Pampu tinaimasula ndipo mapeni ake anali ndi dzimbiri koma athunthu, choncho tinaibwezera ndi gasiketi yake yatsopano. Thermostat yakale yomwe ija yabwerera m'malo mwake. Rediyeta yakaleyo mnyamata uja anaitsegula thanki yam'mwamba kuti tione, ndipo machubu apakati anali otsekeka ndi zoyera zolimba zoti waya sunalowe. Ndaisunga kuti ndikaonetse anzanga a kusukulu amene amatunga pamjigo womwewo.

Dzulo ndinakwera chitunda cha m'ma 1 koloko masana ndi anthu atatu, O/D nditazimitsa, ndipo kwa nthawi yaitali ndinali kumbuyo kwa lole imene sindikanatha kuipitirira. Singano sinasunthe mpaka ku Blantyre.

Sienta_ya_Dyeratu

Zikomo kuti yachira. Ine yanga ndiiona kaye mpaka mvula igwe, koma aphunzitsi mundiuze mtengo wa chivundikirocho, chifukwa changa ndachiyang'ana lero ndipo rabala wake sakundisangalatsa.

Sipanala_Yakale

Aphunzitsi, kwa masiku atatu otsatizana muzitsegula rediyeta m'mawa ndi kuona mlingo wa m'kabotolo, poti mpweya wotsalira umatuluka pang'onopang'ono ndipo madzi akhoza kutsika pang'ono tsiku loyamba ndi lachiwiri. Ikani chizindikiro ndi cholembera pakabotolopo. Akapitiriza kutsika sabata ikatha, mubwerenso tidzayambe kufufuza podontha, kuyambira pa kapeti ya kutsogolo kumene kuli hita.